Tisataye makina akale a kaseti, angatiphunzitse kupanga mawu ndi manja athu

Akonzi,

Ndiloleni danga m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo maganizo anga pa chinthu chimene ambiri akuchiona ngati chotha ntchito masiku ano, ndicho makina akale ojambulira ndi kuimbira makaseti. Makina amenewa akungotuwa ndi fumbi m'makabati ndi kunsi kwa mabedi, ena akuphwasulidwa kuti achotsemo sipika yokha, ndipo ambiri akuponyedwa kudzala pamodzi ndi makaseti ake. Sindikulemba pofuna kuti tibwerere komvera nyimbo pa kaseti, pakuti pa ntchito imeneyo foni inapambana kalekale ndipo palibe chokanganirana. Chimene ndikunena n'chakuti kwa munthu wofuna kuphunzira kudzipangira yekha phokoso la m'sewero la pa wailesi, la m'filimu kapena la m'nyimbo, monga bingu, mvula, moto wolilima, mdidi wa mapazi, ngakhalenso kulira kwa chinthu chimene sichinakhaleko n'komwe, makina a kaseti amaphunzitsa bwino kuposa zida zambiri zatsopano, chifukwa chilichonse chimene chikuchitikira mawuwo munthu amachiona ndi maso ndi kuchigwira ndi zala.

Kaseti inapangidwa ndi kampani ya Philips pa fakitale yake ya ku Hasselt m'dziko la Belgium, ndipo gulu la akatswiri limene linagwira ntchitoyo linkatsogoleredwa ndi Lou Ottens, amene anamwalira mu 2021. Anthu anaiona koyamba pa chionetsero cha mawailesi ku Berlin mu Ogasiti 1963, ndipo poyamba inali yojambulira mawu olankhula, osati nyimbo. N'chifukwa chake tepi yake ndi yopapatiza, mamilimita 3.81 okha, ndipo imayenda pang'onopang'ono, masentimita 4.76 pa sekondi, pamene matepi aakulu a m'situdiyo kawirikawiri ankathamanga masentimita 38 pa sekondi. Philips inalola makampani ena kupanga makaseti ndi makina ake osalipira kanthu, ndipo n'chifukwa chake kaseti yojambulidwa pa makina a kampani ina imalira bwinobwino pa makina a kampani inanso. Kwa munthu woyeserera, mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri, chifukwa makina awiri kapena atatu osiyana maina, otoledwa kosiyanasiyana, amatha kugwirira ntchito limodzi popanda vuto.

Munthu akatsegula kachitseko koikira kaseti n'kusuzumira mkati, amaona zonse zimene zimagwira ntchito. Tepi ndi kalamba ka pulasitiki kopakidwa ufa wachitsulo mbali imodzi. Ikanyamuka imayamba yadutsa pa kachitsulo kotchedwa hedi yofufuta, imene imachotsa chilichonse chinalipo kale, kenako imafika pa hedi yojambula, imene imasandutsa magetsi ochokera ku maikolofoni kukhala mphamvu ya maginito yotsalira mu ufa uja. Poimba, hedi yomweyo imawerenga maginitowo n'kuwabweza ku sipika ngati mawu. Chimene chimakoka tepi si magudumu awiri ozungulira aja ayi, koma kachitsulo kowonda kotchedwa capstan, kamene kamapana tepiyo ndi kagudumu ka labala, ndipo kachitsuloko kamazunguzidwa ndi kamota kudzera mwa lamba. Ndafotokoza zimenezi mwadala, chifukwa luso lonse limene ndikufuna kunena limachokera pa kusokoneza chimodzi mwa zinthu zimenezi: kutchinga hedi yofufuta, kusintha liwiro la kamota, kudula tepi, kapena kuitembenuza.

Luso limeneli silinayambe ndi kaseti. Ku situdiyo za Universal ku America, mafilimu atangoyamba kukhala ndi mawu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, Jack Foley ankaonerera chithunzi chikuyenda n'kumaponda pansi mogwirizana ndi mapazi a wosewera, ndipo mpaka lero ntchito imeneyi imadziwika ndi dzina lake. Mu 1944 ku Cairo, wophunzira za ulimi wina dzina lake Halim El-Dabh anabwereka makina ojambulira pa waya, anajambula mawu a amayi oimba pa mwambo wa zaar, ndipo anakawasintha m'situdiyo ya wailesi mpaka anatuluka mawu amene khutu silikanawazindikira kuti ndi a anthu. Patapita zaka 4, Pierre Schaeffer ku Paris anajambula kulira kwa sitima zapamtunda pa zimbale n'kukusanja ngati nyimbo. Nayo BBC inatsegula chipinda chake chotchedwa Radiophonic Workshop mu 1958, chimene chinagwira ntchito mpaka 1998, ndipo kumeneko Delia Derbyshire ankatenga mawu pomenya chivundikiro chachitsulo cha nyali, pamene mnzake Brian Hodgson anapanga kulira kwa chombo cha m'sewero la pa kanema la Doctor Who pokwekwesa kiyi wa pakhomo pa waya wa piyano yowonongeka. Onsewa ankagwiritsa ntchito filimu, waya, zimbale kapena matepi aakulu, zimene munthu wamba sakanazipeza. Chimene kaseti inachita ndi kutenga nzeru yomweyo n'kuiika m'kabokosi kolowa m'thumba.

Phunziro loyamba limene makinawa amapereka ndi lodabwitsa: chinthu chenicheni chikajambulidwa, kawirikawiri sichimveka ngati chenicheni. Moto weniweni pa maikolofoni yaing'ono ya rekoda umangomveka ngati mphepo yosadziwika bwino, koma kapepala ka pulasitiki kouma, kofwanyidwa pang'onopang'ono m'manja pafupi ndi maikolofoni, kamathetheka ndendende ngati moto wogwira udzu, ndipo wina akamathyola timitengo touma chapatali pang'ono womvera amaona nkhuni zikunyeka. Mvula yeniyeni imasanduka phokoso losalekeza la "shhh" limene silisiyana ndi kusokosa kwa tepi yeniyeniyo, pamene mchenga wokhuthala wothiridwa pang'onopang'ono pa pepala lolimba, kapena timiyala togwera pa chitsulo chopyapyala, timapereka madontho omveka limodzilimodzi, ndipo madonthowo ndi amene khutu limafuna kuti likhulupirire kuti kunja kukugwa mvula. Mapiko a mbalame amachokera ku magolovesi achikopa okupizidwa, ziboda za hatchi zimachokera ku zigoba ziwiri za kokonati, ndipo bingu limachokera ku lata lalikulu lopachikidwa ndi chingwe n'kugwedezedwa pakona. Chifukwa chake n'chakuti maikolofoni siisankha monga limachitira khutu. Munthu akakhala pafupi ndi moto amaona malawi, amamva kutentha, ndipo ubongo wake umadzisankhira kuthetheka kokha pakati pa phokoso lonse. Womvera wailesi alibe zonsezo, choncho wopanga mawu ayenera kumusankhira, n'kumupatsa chizindikiro chimodzi chomveka bwino m'malo mwa chisokonezo chonse.

Pamenepa ndi pamene rekoda yotsika mtengo imaonetsa khalidwe lake. Ambiri mwa makina aang'ono oyenda nawo ali ndi kachipangizo kodzisinthira kokha kukula kwa mawu pojambula: pakakhala chete kamakweza, pakamveka phokoso lalikulu kamatsitsa msanga, kenako kamakwezanso pang'onopang'ono. Kwa wojambula nyimbo zimenezi ndi zokwiyitsa, chifukwa oimba akangopuma tepi imadzaza ndi kusokosa. Koma tayesani kumenyetsa chitseko m'chipinda chopanda katundu rekoda yotere ikujambula. Kugunda koyamba kumaphwanyidwa, ndipo pamene mawu akuzilala m'makoma kachipangizo kaja kamayamba kuwakweza, moti m'malo mozimiririka msanga amatalika ngati akubwerera, ndipo chitseko wamba chimamveka ngati chipata chachitsulo cha ndende. Tepi nayo ili ndi khalidwe lake mawu akakula kuposa mmene ingathere kusunga: siimawadula mwaukali monga zimachitira zida za digito, koma imawafinya ndi kuwanenepetsa, ndipo ng'oma kapena kuwomba m'manja kojambulidwa singano itafika pofiira kumamveka kolemera. Amene akufuna kudziyendetsera yekha zimenezi afune makina okhala ndi kotembenuza kokwezera mawu pojambula ndi singano yoonetsa muyezo, amene kawirikawiri amakhala aja aakulu a pa shelefu.

Maikolofoni yokhala m'thupi la rekoda ili ndi vuto lakuti imamvanso kulira kwa kamota ka makina omwewo, choncho ndi bwino kulumikiza ina yapadera ngati pali bowo lake. Sipafunika kugula ya mtengo wapatali. Mahedifoni akale akalowetsedwa pa bowo la maikolofoni amajambula, ngakhale mawu ake amakhala otsekeka, ndipo kutsekeka kumeneko n'koyenera mawu a munthu wolankhula pa lamya kapena pa wailesi ya apolisi m'sewero. Chosangalatsa kuposa zonse ndi kambale kakang'ono kamkuwa kokhala ndi choyera pakati, kotchedwa piezo, kamene kamapezeka m'zidole zolira ndi m'mawotchi a alamu. Kakawotcheredwa mawaya awiri, wina pa mkuwa wina pa choyera, n'kumatidwa pa chinthu ndi selotepi, sikamva mawu a mumpweya koma kunjenjemera kwa chinthucho. Kakamatidwa pa tebulo, chikhadabo chokanda thabwa chimamveka ngati chilombo chikufukula. Kakamatidwa pa waya wautali wokungika, waya ukamenyedwa ndi kachitsulo pamamveka "tyuu" wotsika kuchokera pamwamba, chifukwa m'chitsulo mawu okwera amathamanga kuposa otsika ndipo amafika poyamba. Katswiri wa mawu a m'mafilimu Ben Burtt anapeza kulira kwa mfuti za m'filimu ya Star Wars ya mu 1977 mwa njira yonga imeneyi, pomenya waya wochirikiza nsanja ya wailesi.

Komabe chimene chimasiyanitsa tepi ndi kujambula wamba ndi liwiro. Pa tepi, nthawi imasanduka utali: sekondi imodzi ndi masentimita 4.76, ndipo ngati tepiyo iyendetsedwa theka la liwiro limene inajambulidwira, mawu amatalika kawiri ndipo amatsika ndi okitevu yathunthu, "do" wam'mwamba n'kusanduka "do" wam'munsi. Kulira kwa mahetsi 440, ndiko kunjenjemera maulendo 440 pa sekondi, kumakhala kwa 220. Zinthu ziwirizi, kutalika ndi kutsika, sizilekana, ndipo umu ndi mmenenso zilili m'chilengedwe, pakuti chinthu chachikulu chimalira motsika ndiponso mochedwa. N'chifukwa chake khutu limanyengeka mosavuta: thireyi yaing'ono yachitsulo ikagwedezedwa n'kuchedwetsedwa imasanduka bingu la kutali, kapu yagalasi yogogodedwa ndi supuni imasanduka belu la pa nsanja, ndipo mphaka wolira amasanduka chinyama choopsa. Makina ambiri a kaseti ali ndi kosinthira liwiro kobisika, kamene kamapezeka pa kabowo kuseri kwa kamota kapena pa bolodi pafupi nako, ndipo kamatembenuzidwa ndi kasikuludiraiva kakang'ono. Kokha sikasintha kwambiri, koma nzeru yake ndi kukhala ndi makina awiri, ena othamangitsidwa mpaka pamapeto ojambulira, ena ochedwetsedwa mpaka pamapeto oimbira, ndipo mawu akakoperedwa kangapo kuchoka uku kupita uko amatsika nthawi iliyonse. Odziwa kuwotcherera amachotsa kosinthira kobisikako n'kuika kotembenuza kunja, moti amatha kukweza ndi kutsitsa mawu tepi ikuyenda. Ngakhale wopanda chida chilichonse akhoza kukhudza pang'ono kagudumu ka labala ndi chala, atachotsa kachitseko, ndipo adzamva mawu akudzandira ngati mmene munthu wokomoka kapena wolota amamvera m'sewero. Akatswiri a Philips ndi a makampani ena anathera zaka zambiri akulimbana ndi kudzandira kumeneku, ndipo n'zoseketsa ndithu kuti lero pali mapulogalamu a pa kompyuta ogulitsidwa kuti akubwezeretse.

Ndifotokoze mwatsatanetsatane ntchito imodzi, kuti owerenga aone kuti si zamatsenga. Tengani kaseti yomangidwa ndi timasikulu, amene kawirikawiri amakhala asanu, anayi m'makona ndi limodzi chapakati, osati yomatidwa ndi guluu, chifukwa yomatidwayo imasweka poitsegula. Mukachotsa chivundikiro mudzaona magudumu awiri a mano asanu ndi limodzi, timapepala tiwiri toterera, timagudumu tiwiri ting'onoting'ono m'makona a m'munsi, ndi kachitsulo kopyapyala kokhala ndi kansalu kofewa pakati, kamene kamakankhira tepi ku hedi. Kansalu kameneka kasatayike, pakuti popanda iko mawu samveka bwino. Chotsani tepi yonse, dulani kachidutswa ka masentimita pafupifupi 22, ndipo mulumikize mapeto ake awiri kuti chikhale chozungulira. Malo odulawo akhale opendekera, osati owongoka, kuti polumikiza pasamveke "thi" nthawi iliyonse pakadutsa pa hedi. Selotepi imatidwe kumbuyo kwa tepi, osati mbali imene imakhudza hedi, ndipo yotsalira m'mbali imetedwe ndi lezala kuti isamate pa kagudumu ka labala. Kolekani tepiyo pa timagudumu ta m'makona ndi pa gudumu limodzi, isathine kwambiri ndiponso isalende, kenako mutseke. Mwapanga kaseti yosatha, imene imabwereza masekondi osakwana asanu mpaka batire litatha. Utali weniweni umasiyana pang'ono malinga ndi kaseti, choncho munthu amayesa ndi kudulanso mpaka itayenda mosakoka. Pa kachidutswa kameneka mukajambula madontho a madzi, kulira kwa nkhululu kapena kugunda kwa injini, mwapeza phokoso la kumbuyo lokwanira chigawo chonse cha sewero. Mudzaonanso kuti pamatsala kampata kachete, kofanana ndi mtunda wa pakati pa hedi yofufuta ndi yojambula, chifukwa pamene mukuimitsa, gawo limenelo lafufutidwa koma silinalembedwe.

Kampata kameneka kamatha munthu akatchinga hedi yofufuta, ndipo kutchingako kumatsegulanso njira ina. Pa makina abwino hedi imeneyi imagwira ntchito ndi magetsi, ndipo ikaphimbidwa ndi kapepala kokhuthala kuti tepi isaikhudze, kapena ikamasulidwa waya umodzi, imaleka kufufuta. Pa makina otsika mtengo imangokhala kamaginito wamba kamene kamasendera ku tepi munthu akadina batani lojambulira, ndipo kakhoza kuchotsedwa. Zikatero mawu atsopano amakhala pamwamba pa akale: mphepo poyamba, kenako mvula, kenako galu wouwa kutali. Akalewo amazilala pang'ono nthawi iliyonse, makamaka mawu okwera, chifukwa hedi yojambula imatulutsanso kamphamvu kena kotchedwa bias, kamene khutu silikumva koma kamafufutako zina. Choncho wanzeru amayamba ndi phokoso limene akufuna kuti limveke kutali n'kumaliza ndi limene akufuna kuti limveke pafupi, ndipo kufooka kwa makina kumamupatsa kutalikirana kumene akanavutika kukupanga mwa njira ina. Njira inanso ndi yoimba kaseti pa makina ena uku ukupanga phokoso lina pafupi, makina achiwiri n'kumajambula zonse pamodzi. Apa choipa n'chakuti kusokosa kwa tepi kumaunjikana pa kukopera kulikonse, ndipo pakadutsa maulendo angapo mawu amamira. Kampani ya TEAC inachepetsa vuto limeneli mu 1979 potulutsa Portastudio 144, makina amene ankajambula mizere inayi payokhapayokha pa kaseti wamba, tepi ikuthamanga kawiri kuposa nthawi zonse. Woimba wa ku America Bruce Springsteen anajambulira chimbale chake cha Nebraska pa makina amenewa kunyumba kwake mu 1982, ndipo chinatulutsidwa kuchokera pa zojambula za pa kasetizo.

Kuimba mawu chobwerera m'mbuyo n'kovutirapo, ndipo ambiri amadabwa chifukwa chake. Kutembenuza kaseti sikuthandiza pa makina wamba, pakuti tepi inagawidwa pakati m'litali mwake, theka lina la mbali A theka lina la mbali B, ndipo ukaitembenuza hedi imangowerenga theka linalo. Pa makina a mizere inayi zimatheka mosavuta chifukwa hedi yake imawerenga tepi yonse. Wopanda makina otere akhoza kutsegula kaseti n'kupinda tepi kuti msana wake ndiwo uyang'ane ku hedi. Mawu amatuluka chobwerera koma otsekeka, popeza hedi ikuwawerenga kudzera m'pulasitiki. Belu loimbidwa motere limayamba mwakachetechete, limakula, kenako limaduka mwadzidzidzi, ndipo palibe chinthu m'chilengedwe chimene chimalira chotero, n'chifukwa chake limachititsa nthumanzi.

Eko, kubwereza kwa mawu konga kwa m'phanga, nayo ndi nkhani ya masentimita. Makina ena apamwamba ali ndi mahedi atatu, yojambula payokha ndi yoimba payokha, ndipo mawu olembedwa pa yoyamba amatenga kanthawi kuti afike pa yachiwiri. Sentimita imodzi ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Mawu otuluka pa yachiwiri akabwezedwa pang'ono ku yoyamba amabwereza, kubwereza kulikonse kofooka ndi kotsekeka kuposa koyamba, ndipo akabwezedwa mopitirira muyezo amadzikulitsa okha mpaka kukhala mkuwo woboola m'makutu. Ena amaika makina awiri moyandikana n'kudutsitsa tepi imodzi kuchokera ku ojambula kupita ku oimba, ndipo mtunda wa theka la mita umachedwetsa mawu masekondi 10 ndi pang'ono. Eko ya tepi ndi imene inakometsa nyimbo za dub, mtundu wina wa rege, ku Kingston m'dziko la Jamaica m'zaka za m'ma 1970, ndipo si mwangozi kuti King Tubby, amene anatsogolera luso limeneli, anali mmisiri wokonza mawailesi, munthu wosaopa kutsegula chida n'kuchisintha.

Ndikudziwa kuti owerenga ena afunsa kuti bwanji tizivutika ndi timasikulu ndi selotepi pamene foni ikhoza kuchita zonsezi m'kanthawi kochepa, ndipo pa intaneti pali mabingu ndi mvula zojambulidwa kale zosawerengeka. Funsoli ndi lomveka, ndipo ndikuvomera kuti munthu amene ali pa ntchito yofunika kutha lero agwiritse ntchito foni kapena kompyuta. Mawu ake adzakhala oyera, ndipo akalakwitsa adzabweza ndi kudina kumodzi. Koma amene wadina batani lolembedwa kuti eko wapeza eko, sanapeze chifukwa chake, ndipo tsiku limene adzafune eko yosiyana ndi imene anamukonzera sadzadziwa poyambira. Amene anayeza yekha mtunda wa pakati pa mahedi awiri amadziwa kuti eko ndi kuchedwa, kubwereza ndi kufooka, ndipo akadzakhala pa kompyuta adzazindikira msanga ntchito ya chilichonse chimene akuona, popeza mapulogalamu ambiri anatengera maina ndi kachitidwe ka makina a tepi. Chinanso n'chakuti tepi siikhululuka: ukajambula pamwamba pa chinthu, chapita. Zimenezi zimamukakamiza munthu kuyeserera asanadine batani lofiira, kumvetsera ndi khutu m'malo moyang'ana zithunzi za mafunde pa galasi, ndi kusankha. Ndipo kunena zoona, bingu lotengedwa pa intaneti ndi lomwelo limene anthu ena zikwizikwi atenga, moti womvera watcheru amalizindikira m'sewero lina ndi lina, pamene bingu lochokera ku lata lako palibe wina ali nalo. Palibenso choletsa kuphatikiza ziwirizi, kupanga phokoso pa tepi n'kulikopera m'foni kuti lisungike.

Makina okhalitsa osagwira ntchito nthawi zambiri sanafe. Chimene chimawonongeka kawirikawiri ndi lamba, amene amatamuka kapena kusungunuka n'kukhala phala lakuda lomata. Akachotsedwa, malo ake n'kupukutidwa bwino, lamba watsopano wa muyezo womwewo amadzutsa makinawo. Mahedi ndi capstan apukutidwe ndi thonje loviikidwa mu sipiriti wa isopropyl mpaka dzimbiri lofiirira lochokera ku tepi litachoka, ndipo kagudumu ka labala kakakhala konyezimira ndi kouma ndiye kamene kamachititsa makina kutafuna tepi. Poyeserera ndi bwino kupewa makaseti a C120, aja a mphindi 120, chifukwa tepi yake ndi yopyapyala ndipo imakodwa msanga. Ya C60 ndi yolimbirapo. Kaseti yothyoledwa timano ta pamwamba imakana kujambula, koma bowolo likatsekedwa ndi selotepi imavomera. Ndichenjeze mwamphamvu kuti ana ndi ongoyamba kumene atsegule makina oyendera mabatire okha, ndipo makina olumikizidwa ku magetsi a m'nyumba asatsegulidwe waya ali pakhoma, chifukwa mkati mwake muli malo amene angaphe munthu. Ndichenjezenso za makaseti enieniwo: musadule kapena kufufuta kaseti musanaimvetsere mbali zonse ziwiri mpaka kumapeto. Makaseti ambiri opanda chizindikiro ali ndi mawu a makolo amene anatisiya, maukwati, makwaya ndi mapulogalamu a pa wailesi amene mwina sanasungidwe kwina kulikonse, ndipo oterewo akoperedwe ndi kusungidwa kutali ndi dzuwa ndi maginito a masipika.

Pempho langa kwa inu Akonzi ndi lakuti pa tsamba la achinyamata kapena la zaluso muzipatulako malo, ngakhale kamodzi pa mwezi, olongosola ntchito imodzi yotere ndi zithunzi zake, kuyambira pa kusintha lamba ndi kupanga kaseti yosatha, ndipo mupemphe amisiri okonza mawailesi amene anagwira makinawa zaka zambiri kuti ndiwo azifotokoza, pakuti ambiri mwa iwo akukalamba ndipo zimene amadziwa sizinalembedwe. Aphunzitsi a sayansi angapeze pamenepa njira yoonetsera maginito, magetsi ndi mafunde a mawu pa chida chimodzi chotsegula, ndipo magulu a zisudzo angapatse mmodzi wa iwo udindo wa phokoso monga amapatsira wina udindo wa zovala. Kwa owerenga amene ali ndi makina otere ndipo sawafunanso, ndikupempha kuti asanawataye achotsemo mabatire akale, amene amatuluka madzi owononga zitsulo, ndipo awapereke ku sukulu, ku gulu la zisudzo kapena kwa mmisiri, pamodzi ndi waya wake wamagetsi ndi maikolofoni ngati ilipo.

Ine wanu,
Wowerenga wokonda zaluso la mawu